Chikhomo, Chingwe ndi Kompyuta: Phunziro la Ndowa ya pa Bangula

Munthu wodutsa pamsika wa Bangula sasowa kufunsa pamene pali okhoma ndowa, pakuti nyundo zawo zimadziulula zokha. Mmisiri wa ntchitoyi amayala lata pansi, nasanjikapo pateni yakale imene mwina anachita kulandira kwa amene anamphunzitsa, nalemba ndi msomali motsata m'mphepete mwake, kenaka n'kudula ndi sizasi. Chidutswa chimene chimatuluka pamenepo sichifanana ndi ndowa ngakhale pang'ono. Chimakhala chokhota ngati uta, chachitali kumsana, chachifupi kumimba. Koma mmisiriyo akachipinda n'kulumikiza mbali zake ziwiri, chimaimirira bwinobwino, kukamwa kotambasuka, kunsi kopanikizika, osapendekeka.

Atafunsidwa chifukwa chimene chidutswacho chikhotera motero, osati mopitirira kapena mocheperapo, amisiri ambiri angayankhe kuti pateni ndiyo imatero. Yankho limeneli si lolakwa, koma lili ndi malire. Tsiku limene pateniyo idzatayike, kapena wogula adzafune ndowa ya msinkhu wina, mmisiri ayenera kuyesa ndi kuyesanso, ndipo kuyesa kulikonse kumadya lata logula ndi ndalama. Yankho lenileni lili m'phunziro la jometiri, lija ana a sekondale amalowa nalo m'mayeso atanyamula lula ndi kampasi, ambiri n'kuliiwala atangotuluka pakhomo la chipinda cholembera. Phunziro lomwelo ndilo khomo la ntchito yojambula zitsulo pakompyuta kuti makina azidule, ntchito imene achinyamata ambiri amaiopa poganiza kuti imafuna masamu a kuyunivesite.

Pali mayina atatu amene wophunzira amakumana nawo tsiku loyamba. CAD ndiko kujambula chinthu mothandizidwa ndi kompyuta. CAM ndiko kutenga chojambulacho ndi kuchisandutsa malangizo a njira imene mpeni wa makina udzayendamo. CNC ndi dzina la makina enieniwo, amene amadula, kuboola kapena kupala chitsulo ndi matabwa motsata manambala, popanda dzanja la munthu kuwongolera mpeni. Ena mwa makinawa amadula ndi mpeni wozungulira, ena ndi lawi lotentha kwambiri la plasma, ena ndi kuwala kwa laser.

Nzeruyi si yadzana. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, John T. Parsons wa ku Michigan, m'dziko la America, anayamba kugwiritsa ntchito makadi obooledwa powerengera timadontho ta mapiko a helikopita. M'chaka cha 1952 sukulu ya MIT inaonetsa makina opala chitsulo oyendetsedwa ndi manambala olembedwa pa tepi yoboola. M'chaka cha 1963 Ivan Sutherland, wophunzira pasukulu yomweyo, anaonetsa pulogalamu yotchedwa Sketchpad, imene munthu ankajambula nayo mizere pasikirini. AutoCAD inatuluka mu 1982 ndipo Mastercam inayamba mu 1983. Komabe zimene mapulogalamu onsewa amafuna kwa wophunzira m'sabata yake yoyamba n'zakale kuposa onse amene anawapanga.

Chikhomo choyamba

Womanga nkhokwe kapena nyumba yozungulira amayamba ndi kukhoma chikhomo pansi. Amamangirira chingwe pachikhomocho, nachikoka, nalemba dothi ndi kamtengo akuyenda mozungulira mpaka atafika pamene anayambira. Chikhomo chikasuntha pakati pa ntchito, mkombero sukumana. Womanga nyumba ya ngodya zinayi nayenso amayamba ndi chikhomo cha pangodya imodzi, ndipo pofuna kuti ngodyayo ikhale sikweya amayesa mafiti 3 mbali ina, mafiti 4 mbali inayo, n'kusuntha zingwe mpaka mtunda wopingasa pakati pa nsonga ziwirizo utakwana mafiti 5. Ambiri amachita zimenezi osadziwa kuti m'mabuku lamuloli limatchedwa ndi dzina la Pythagoras.

Pakompyuta chikhomo chimenechi chilipo, ndipo dzina lake ndi origin. Ndi kadontho kamene nambala zake ndi 0 ndi 0. Kadontho kena kalikonse kamadziwika ndi mtunda wake kuchokera pamenepo: nambala yoyamba, X, imanena za kupita kumanja, ndipo yachiwiri, Y, imanena za kukwera kumtunda kwa sikirini. Kupita kumanzere kapena kutsika kumalembedwa ndi chizindikiro chochotsera patsogolo pa nambala. Makina opala ali ndi nambala yachitatu, Z, yonena za kukwera ndi kutsika kwa mpeni. Njira yotchula malo ndi manambala moteremu imayamikiridwa kwa René Descartes wa ku France, amene buku lake la jometiri linatuluka mu 1637, ndipo mwana aliyense amene anajambulapo galafu papepala la timabokosi anaigwiritsa kale ntchito.

Wophunzira wofulumira amalumpha chikhomochi. Amatsegula pulogalamu, nayamba kujambula paliponse pamene pamuonekera poyera. Chojambula chake chimaoneka bwino ndithu, koma makina sadziwa kukongola. Woyendetsa makina amaika chitsulo patebulo n'kuuza makinawo kuti ngodya yakuti ya chitsulocho ndiyo 0 ndi 0. Ngati chojambula chinaikidwa mamilimita 400 kutali ndi chikhomo, mpeni udzapita kukadula mamilimita 400 kutali, kaya pamenepo pali chitsulo, kaya pali chopanira chogwira chitsulocho, kaya pali tebulo lenilenilo. Mmera m'poyamba, anatero akale, ndipo m'ntchito iyi mawuwa alibe chokokomeza.

Zida zojambulira zimene wophunzira afunika kuzidziwa bwino n'zochepa modabwitsa. Pali kadontho, pali mzere wowongoka wolumikiza timadontho tiwiri, ndipo pali mkombero, umene umafuna kuuzidwa pakati pake ndi kutalika kwa chingwe chake, ndiko kuti radius. Chigawo cha mkombero ndi uta. Euclid, amene ankaphunzitsa mumzinda wa Alexandria ku Egypt pafupifupi zaka 300 Khristu asanabadwe, anayala maziko a buku lake lotchuka la Elements pa zinthu zomwezi: kuti mzere ukhoza kulembedwa pakati pa timadontho tiwiri tilitonse, kuti ukhoza kutalikitsidwa, ndi kuti mkombero ukhoza kulembedwa pozungulira kadontho kalikonse. Zina zonse zimene zimadzaza sikirini ndi tizithunzi tambirimbiri ndi njira zongosinthira zitatuzi. Trim imadula mzere pamene wapitirira. Offset imalemba mzere wina wotsatana ndi woyamba pamtunda wofanana. Fillet imachotsa ngodya yakuthwa n'kuikapo uta waung'ono. Mirror imajambula mbali yachiwiri ya chinthu chofanana uku ndi uku, kuti munthu asagwire ntchito imodzi kawiri.

Ndowa ija m'manambala

Tsono ndowa ija ibwerenso, koma ulendo uno ndi miyeso yake. Ikhale ndi kukamwa kwa mamilimita 300 kupingasa, kunsi kwa mamilimita 200, ndipo mbali yake yopendekekayo italike mamilimita 300. Ndowa yotere imalowa madzi pafupifupi malita 15.

Mbali za ndowa zikanati zipitirire kutsika, zikanakakumana pansonga imodzi ngati denga laudzu lozondotsa. Nsonga yosaonekayo ndiyo chinsinsi cha pateni yonse. Pa mamilimita 300 a mbali, ndowa yachepa ndi mamilimita 100. Kuti ichepe ndi mamilimita 300 onse mpaka kutheratu, pafunika mtunda woterewu katatu, ndiwo mamilimita 900. Chotero kuchokera pansonga kufika kukamwa pali 900, ndipo kuchokera pansonga kufika kunsi kwa ndowa pali 600. Wophunzira amaika nsongayo pachikhomo, nalemba mikombero iwiri yozungulira chikhomo chomwecho, wina wa radius ya 900, wina wa 600.

Chatsala n'kudziwa kukula kwa chigawo chimene adule pa mikombero imeneyi. Mlomo wa ndowa, utatambasulidwa, ndi 300 kuchulukitsa ndi 3.1416, ndiwo mamilimita 942. Mkombero waukulu wathunthu ndi mamilimita 5,655. Nambala yachiwiriyi ikagawidwa ndi yoyamba ija imapereka 6. Ndiye kuti ndowa imafuna gawo limodzi mwa magawo 6 a mkombero, kapena madigiri 60 mwa madigiri 360. Wophunzira amalemba mizere iwiri yochokera pachikhomo, wina wogona motsata X, wina wopendekeka madigiri 60, n'kudula zotsala zonse ndi trim. Chimene chimatsala pasikirini ndi chidutswa chokhota chija cha pamsika, chopangidwa ndi mizere iwiri ndi mauta awiri basi. Ngodya zake zinayi zili pa timadontho iti: 600 ndi 0, 900 ndi 0, 450 ndi 779.4, ndiponso 300 ndi 519.6.

Apa m'pamene ambiri amatsegukira maso, pakuti pulogalamu ya CAM ikasandutsa chojambulachi kukhala malangizo a makina, chiyankhulo chimene chimatuluka, chotchedwa G-code, chimakhala chowerengeka ndi munthu wamba. G01 ndiko kuti yenda mowongoka ukudula. G02 ndiko kuti yenda mokhota motsata mivi ya wotchi, ndipo G03 ndiko kukhota mobwerera. G00 ndi liwiro la mpeni pamene sukudula. Mpeni utaima pa 600 ndi 0, mphepete yonse ya ndowa imatha m'mizere inayi yokha:

G01 X900 Y0
G03 X450 Y779.4 R900
G01 X300 Y519.6
G02 X600 Y0 R600

Malangizo enieni opita kumakina amakhala ndi mizere ina yoonjezera, yonena za liwiro ndi za kuyatsa kapena kuzimitsa lawi, koma mtima wake ndi umenewu.

Pano payenera kunenedwa chilungamo: palibe wanzeru amene angatumize lata la ndowa imodzi ku makina okwera mtengo pamene sizasi ya mmisiri ingalidule m'mphindi zochepa. Ndowa ndi phunziro chabe. Ndiponso chidutswa chimene chajambulidwachi sichingakhale ndowa, chifukwa chilibe malo a msoko. Mmisiri wa pamsika amadziwa kuti m'mbali ziwiri zowongokazo muyenera kutsala lata lopinda polumikiza, kuti kukamwa kuyenera kutsala lata lokulungira waya, ndi kuti kunsi kumafuna mlomo wogwira thako la ndowa. Kuchuluka kwake amakudziwa ndi zala, malinga ndi kukhuthala kwa lata. Kompyuta siidziwa chilichonse cha zimenezi pokhapokha itauzidwa. Mnyamata kapena mtsikana amene waphunzira pulogalamu koma sanakhalepo pafupi ndi mmisiri adzajambula zinthu zolondola pa masamu koma zosatheka kulumikiza. Mmisiri nayenso angapindule ndi wophunzirayo, amene angamuwerengere pateni ya ndowa, fanulo kapena mbaula ya msinkhu uliwonse lata lisanakhudzidwe.

Pamene makina sakhululuka

Diso la munthu n'lachifundo. Likaona mizere iwiri itayandikana pangodya limaiyesa yokumana, ndipo mmisiri wodula ndi dzanja amangopitiriza osaima. Pulogalamu ya CAM imafuna kuti mphepete ikhale yotsekeka ngati unyolo, mapeto a mzere uliwonse akhale ndendende pachiyambi cha unzake. Pakatsala mpata, ngakhale wochepa kuposa tsitsi, unyolo umaduka, ndipo pulogalamu siidziwanso kuti mkati ndi muti, kunja ndi kuti. Vutoli ndilo limagwetsa ulesi oyamba kumene, chifukwa pasikirini sipaoneka cholakwa chilichonse kufikira munthu atakulitsa ngodyayo kambirimbiri. Mankhwala ake ndi awiri. Oyamba ndi kulemba manambala m'malo moloza ndi dzanja. Achiwiri ndi kugwiritsa ntchito snap, imene imakokera nsonga ya mzere watsopano pamapeto enieni, pakati penipeni kapena pamphambano yeniyeni ya mizere yomwe ilipo kale.

Cholakwa china chobisika ndi mzere wolembedwa kawiri pamalo amodzi. Diso limaona umodzi, makina amadula kawiri, ndipo lawi likadutsanso pamene ladula kale limawononga mphepete.

Palinso nkhani ya njira imene mpeni umadya. Mzere wa pakompyuta ulibe kunenepa, koma mpeni uli nako, monga mmene sowo imasandutsira gawo la thabwa kukhala utuchi. Lawi la plasma limadya milimita imodzi kapena ziwiri pa chitsulo chopyapyala. Likayenda pakati penipeni pa mzere, chidutswa chimatuluka chochepa ndipo mabowo amatuluka aakulu. N'chifukwa chake pulogalamu imafunsa mbali imene mpeni uyende: kunja kwa mzere podula mphepete, mkati mwa mzere poboola. Mpeni wozungulira uli ndi khalidwe linanso: sungathe kusema ngodya yamkati yakuthwa. Mpeni wa mamilimita 6 umasiya uta wa radius ya mamilimita 3 pangodya iliyonse yamkati, ndipo wojambula wochenjera amaika uta umenewo m'chojambula chake kuti chinzake chodzalowa pamenepo chisadzakakamire. Ngakhale dongosolo la kadulidwe n'lofunika. Mabowo amayamba, mphepete imatsiriza, pakuti chidutswa chikamasuka ku chitsulo chachikulu chimasuntha, ndipo bowo loboola pambuyo pake limakhala posayenera.

Za miyeso, anthu a pa Bangula ali ndi phunziro pakhomo pawo. Njanji imene inachokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, n'kufika ku Blantyre mu 1908, inayalidwa motalikirana mafiti 3 ndi mainchesi 6. M'mabuku a lero mtunda womwewo umalembedwa mamilimita 1,067. Ndi mtunda umodzi, manambala awiri. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ndipo fayilo yojambulidwa m'mainchesi ikawerengedwa ngati ya mamilimita, chitsulo chimene chinayenera kukula ngati chikhatho chimatuluka chochepa kuposa chikhadabo. Osaganiza kuti cholakwa chotere n'cha ophunzira okha: mu 1999 bungwe la NASA linataya chombo chake cha Mars Climate Orbiter chifukwa gulu lina la akatswiri linawerengera m'miyeso ya mapaundi pamene linzake linkayembekezera miyeso ya metiriki.

Chifukwa chake pa Bangula

Wina angafunse kuti zonsezi zili ndi phindu lanji kudera kumene makina otere si a pakhomo, pakuti malo awo ndi mafakitale ndi masukulu akuluakulu a m'mizinda. Yankho lili m'zitsulo zimene zazungulira chigwachi. Kuli mijigo ndi mapampu a m'madimba, zigayo, ngolo za ng'ombe, njinga zonyamula anthu ndi katundu, ndiponso minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi ku Kaombe ndi mapaipi ake. Kuli ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yotenga madzi pa Kapichira, imene malinga ndi pulani yake iyenera kutsika mpaka kudera la Bangula ndi kuthirira mahekitala 43,370 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Kuli njanji ya makilomita 72 ya pakati pa Marka ndi Bangula, imene ntchito yoikonzanso inaperekedwa kwa kampani ya ku China mu 2022. Ndipo kuli madzi osefukira, amene mu 1997 anadula njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, nabweranso mwaukali mu 2015, mu 2019, mu 2022 ndi namondwe Ana, ndi mu 2023 ndi namondwe Freddy. Paliponse pamene pali ngalande pali zitseko zachitsulo zotsegulira madzi, ndipo paliponse pamene pali pampu pali zimbale zolumikizira mapaipi ndi mabauti. Zambiri mwa zimenezi ndi zitsulo zafulati, zopangidwa ndi mizere, mauta ndi mabowo.

Chitsulo chotere chikathyoka m'mwezi wa Okutobala, dzuwa la kuchigwa likuwamba mbewu, mlimi sawerenga masabata koma masiku. Njira yozolowereka ndi kunyamula chothyokacho, kukwera nacho zitunda za Chikwawa mpaka ku Blantyre, ulendo wa makilomita opitirira 100, n'kukayendayenda nacho m'mashopu kufuna chofanana nacho. Chojambula cholondola chimasintha ulendowu. Fayilo ya mtundu wa DXF, umene mapulogalamu pafupifupi onse ojambulira amauwerenga, imakhala yaing'ono kuposa chithunzi cha pafoni, ndipo ikhoza kutumizidwa pa WhatsApp kwa mwini makina kulikonse kumene ali. Wojambula safunika kukhala ndi makina. Chimene afunika ndi kuyesa moona ndi kujambula mosasiya mpata.

Dziko lino lili ndi umboni wa mphamvu ya chojambula. Mjigo wa Afridev, umene amayi amapopa m'midzi yambiri ya mu Africa, unayambira m'Malawi muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndi dzina lakuti Maldev, ntchito yake isanapitirizidwe ku Kenya. Chimene chinautchukitsa n'chakuti miyeso ya chiwalo chake chilichonse inalembedwa ndi kuperekedwa poyera, kotero kuti fakitale iliyonse ikhoza kuupanga, ndipo chiwalo chopangidwa ku India chimalowa mumjigo wopangidwa kwina popanda kupala. Komanso luso la zitsulo si lachilendo m'chigwa cha Shire. David Livingstone atakwera mtsinjewu mu 1859 anapeza Amang'anja akuyenga chitsulo, akusula makasu ndi kuomba nsalu za thonje lolima okha. Makasu amenewo ankapangidwa ndi diso ndi dzanja, limodzilimodzi. Chimene chasintha n'chakuti chitsulo cha lero chiyenera kulowana ndi chinzake chopangidwa ndi munthu wina, kudziko lina, ndipo awiriwo amamvana ndi manambala okha.

Kwa aphunzitsi ndi otsiriza sukulu

Maphunziro athunthu a ntchitoyi amapezeka m'masukulu a ukachenjede monga MUBAS ku Blantyre, imene kale inkatchedwa Polytechnic, ndi MUST ku Thyolo. Makoleji a ntchito zamanja monga Soche ndi Nasawa amaphunzitsa maluso amene chojambula chimatumikira. Koma sabata zoyamba sizifuna kudikira kalata yosankhidwa. Mapulogalamu a LibreCAD ndi FreeCAD ndi aulere, ndipo akaikidwa mukompyuta amagwira ntchito popanda intaneti. LibreCAD imajambula zinthu zafulati ndipo siilemetsa kompyuta yakale. FreeCAD imajambulanso zinthu zamphumphu, ndipo ili ndi gawo lake la CAM lotulutsa G-code, limene limaonetsa pasikirini njira ya mpeni chitsulo chisanakhudzidwe.

Kumene kompyuta ndi imodzi ndipo ana ndi makumi asanu ndi limodzi, kapena kumene magetsi ndi a apo ndi apo, pepala la galafu limagwira theka la ntchito. Mphunzitsi wa masamu akhoza kugawa ana awiriawiri, mmodzi n'kukhala wojambula, wina n'kukhala makina. Wojambula amalemba mndandanda wa timadontho ndi malangizo a G01, G02 ndi G03. Amene ali makina saloledwa kuona chinthu chojambulidwacho, saloledwa kufunsa, ndipo saloledwa kukonza. Amangoyendetsa pensulo monga mwa manambala amene wapatsidwa. Chizindikiro chochotsera chikaiwalika, pensulo imatuluka kunja kwa pepala, kalasi yonse ikuona. Mwana amene wasekedwa kamodzi motere saiwalanso. Kuti pakhale chogwira m'manja, pateni ya ndowa ija ikhoza kuchepetsedwa kakhumi, radius ya 90 ndi ya 60, n'kudulidwa pa katoni. Mbali zake zikakumana ndipo kandowako kakaima mowongoka patebulo, masamu atsimikizika popanda cholembera chofiira.

Phunziro lotsatira liyenera kuchokera ku chitsulo chenicheni, ndipo chimbale cholumikizira mapaipi n'choyenera kwambiri. Chili ndi mkombero wakunja, bowo lalikulu lapakati, ndi mabowo a mabauti okhala mozungulira. Chikhomo chimaikidwa pakati penipeni. Ngati mabowo ndi 6 ndipo ali pamkombero wa radius ya mamilimita 50, loyamba limakhala pa 50 ndi 0, lachiwiri pa 25 ndi 43.3, ndipo otsalawo amatsata pa madigiri 60 aliwonse. Mwana wa kampasi amadziwa kale kuti radius imalowa kasanu n'kamodzi mozungulira mkombero wake, ndipo pulogalamu ili ndi chida chobwereza bowo limodzi mozungulira chikhomo.

Chovuta si kujambula koma kuyesa, chifukwa chitsulo chimene chabwera kudzajambulidwa chimakhala chakutha kale. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bowo limene bauti yakhala ikugwedezekamo zaka zambiri limakula ndiponso limataya kuzungulira kwake, ndipo wojambula amene angokopera zimene wayesa amakopera ndi matenda omwe. Ayenera kuyesa bauti imene imalowamo, kuyesa mabowo onse n'kukhulupirira laling'ono koposa, ndi kuyesanso chimbale chinzake chimene chatsala papaipi, pakuti chatsopanocho chikalowana ndi chimenecho. Mtunda wa pakati pa mabowo awiri ofanana supezeka polota pakati pa bowo, koma poyesa kuchokera kumphepete yakumanzere ya loyamba kufika kumphepete yakumanzere ya lachiwiri. Nambala zachilendo nazo zimayankhula. Muyeso ukatuluka 12.7, 19.05 kapena 101.6, chitsulocho chinapangidwa m'mainchesi, ndipo manambalawo ndi theka la inchi, magawo atatu mwa anayi a inchi, ndi mainchesi 4. Woyesa amene angawasandutse 13, 19 ndi 100 pofuna kuti aoneke aukhondo adzapeza kuti mabauti awiri alowa, ena akukana.

Fayilo isanatumizidwe, chojambula chisindikizidwe papepala pa msinkhu wake weniweni, mzere umodzi uyesedwe ndi lula pofuna kutsimikiza kuti chosindikizira sichinachepetse, kenaka pepalalo lidulidwe ndi kusanjikidwa pa chimbale chotsala papaipi chija. Kuwala kukaoneka bwino m'mabowo onse asanu ndi limodzi, fayiloyo itumizidwe, pamodzi ndi uthenga wotchula kukhuthala kwa chitsulo, chiwerengero cha zidutswa zofunika, ndi mawu akuti miyeso yonse ili m'mamilimita.